Utoto Woyera pa Bokosi la Makoswe

Lachinayi, mwezi wa Juni, 1986. Tsiku lozizira ndi lowawa.

A Dokotala Mhango, amene anabwera mu ofesi yathu ya zaziweto chaka chatha, amayesa makoswe m'bokosi la zipinda ziwiri, chakuda ndi choyera. Khoswe akamubaya mankhwala ozunguza bongo a mofini amamuika m'chipinda chakuda. Akamubaya madzi chabe amamuika m'choyera. Pambuyo pake amatsegula chitseko cha pakati, ine n'kumalemba kumene khosweyo akukhalitsa. Ambiri amakakamira chakuda ngati zidakwa pakhomo la kachasu ku Ching'ambo, koma amene mankhwalawo anawadwalitsa amachithawa.

Mawa kukubwera akuluakulu ochokera ku Lilongwe, ndipo kalata yawo inalamula kuti paliponse papakidwe utoto woyera, ngakhale miyala ya m'mbali mwa njira. Ndinatsata kalatayo. Bokosinso ndinalipakitsa lonse.

A Dokotala ataliona anakuwa pamaso pa anthu: "Adada Phiri, mwandipweteka chomene! Masabata asanu ndi limodzi alowa m'madzi! Khoswe adziwa bwanji chipinda chake tsopano?"

Ndinawayankha kuti kalatayo sinapatule makoswe. Iwo akuti alemba lipoti lolowa m'failo yanga. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi mulibe banga, lero lilowe chifukwa cha nyama zimene kwathu timazitchera misampha!

Masana ndinatsegula kachitseko ndekha. Makoswe atatu anathamangirabe kumanzere, kumene kunali kwakuda, n'kumanunkhiza pansi osachokapo. Ntchito ya a Dokotala sinafe ayi. Ndalemba zonse mwadongosolo, koma pepalalo lili m'thumba la jekete langa. Akang'amba lipoti lawo, adzaliona pepalali. Akapanda kutero...