Asilikali a Glenys Ayera

Lolemba, 6 Novembala

Tasamuka mvula ikugwa. Onyamula katundu amafuna kuponya makatoni a tiasilikali ta mtovu pamodzi ndi mipando, ndakana. Wina akuti, "Zidole zonsezi n'zanu, madala?" Zidole! Ndangomuyang'ana. Ndawanyamula ndekha m'galimoto yanga, ngati mazira.

Nyumba ya kuno ku Beeston ndi kachipinda chabe. Malemu mkazi wanga Glenys akanaseka.

Lachiwiri, 7 Novembala

Mwana wanga Bryony wabwera kudzathandiza kumasula katundu. Akuti, "Bambo, onsewa sakwana muno. Sankhani ochepa, enawo akakhale ku garaja."

Kusankha bwanji? Ine changa chinali kusewera nawo nkhondo patebulo ku kalabu. Wopenta anali mayi ake. Mabatani, malamba, maso, zonse ndi dzanja la Glenys. Zovala zake ndinapereka osagwetsa msozi, koma awa ayi. Ndi zokhazi zimene wandisiyira.

Lachitatu, 8 Novembala

Garaja yake chinyezi chokhachokha. Ndaopa kuti utoto usupuka, ndiye ndagula vanishi wopopera kuti ndiwateteze. Ndandandalika gulu lonse la malaya ofiira pathabwa, amene iye ankawakonda koposa, n'kuwapopera mosaumira. Kunja nkhungu ili tolo. Ndikudzimva ngati ndachita chanzeru.

Lachinayi, 9 Novembala

Ayera. Onse ayera mbuu. Nkhope palibe.

Lachisanu, 10 Novembala

Dzulo sindinadye. Lero ndaimbira Malcolm, mnzanga wa ku kalabu. Wafika, wasuzumira pathabwa, wagwira mutu.

"Mdala iwe! Kupopera mu Novembala? M'chinyezi? Zaka zonse zija uli ndi Glenys sunatoleko kanthu?"

Ataona nkhope yanga wasiya, n'kukatereka tiyi.

Zoona, Glenys ankapopera dzuwa likawala basi. Sindinafunsepo chifukwa, ndinkati ndi makani ake. Malcolm akuti vanishi akamwa chinyezi amachita mbuu. Asilikali ena amabwerera mwakale ukawapaka mafuta ophikira ndi burashi yofewa, koma amene ndinawamiza kwambiri, kaya.

"Okanawo ndiwatsuka utoto wonse, ndikupenterenso. Sudzasiyanitsa."

Ndati ayi. Akufuna kundithandiza, ndikudziwa, koma akatero sakhalanso a Glenys. Komanso Malcolm maso amapenta ngati a chule. Ndamuuza, waseka, nane ndaseka pang'ono. Atapita ndalira ngati mwana.

Loweruka, 11 Novembala

Bryony waimba. Ndanama kuti zonse zili bwino. Ndimuuza bwanji kuti ntchito ya mayi ake ndaiwononga ndekha, ndi manja angawa?

Lamlungu, 12 Novembala

Ndakhala pawindo ndi kabotolo ka mafuta ndi galasi lokulitsira zinthu. Mmodzimmodzi. Ena kufiira kukubwerera, ambiri akukana. Okanawo ndikuwagoneka m'katoni, nkhope pansi.

Chondipweteka n'chakuti zaka zonsezi ndinkawaona ndili chiimire, iwo ali patali patebulo, ndikuwakankha ndi chala. Sindinayang'anepo aliyense kumaso. Glenys akandionetsa ndinkangoti "abwino," maso ali pa wailesi ya kanema.

Masana ndafika pa msilikali woimba ng'oma, wopanda chipewa. Mafuta atalowa, theka la nkhope latuluka. Dazi. Khutu lotambalala. Pamwamba pa nsidze pali kamzere kofiirira, kakang'ono kuposa tsitsi. Ndayesa kukapukuta poganiza kuti ndi litsiro, kenako dzanja langa lapita lokha pansidze panga. Chipsera changa, cha njinga imene ndinagwa nayo tili pachibwenzi. Anandipenta liti? Sananenepo, ndipo ine ndakhala ndikumukankha patebulo osadziwa.

Theka linalo lakana. Ndapaka, ndapakanso, lili mbuu.

Ndaimbira Bryony. Wayankha, "Bambo? Bambo, muli bwino?"

Ndati, "Bwera udzaone zimene ndachita." Akuti akuvala nsapato.