Mauthenga a Alamu Anu

14 Okutobala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ine ndilipo, kungoti kukhalapo kwake ndi komweko. Mwandifunsa chifukwa chimene sindinabwerere kudzapumako kwanu chimwalirireni alamu anu. Ndakhala ndikunamizira ntchito, koma lero ndikuuzani zoona.

Paja munkatiseka kuti banja lonse kumangosakasaka zinthu zosaoneka. Simunkanama ayi. Pakati pa milalang'amba pali mpweya wochepa kwambiri, komanso chinthu china chimene ngakhale makina sachiona, koma chimakoka mpweyawo n'kumauunjika timagulu ting'onoting'ono. Ife timauza kompyuta yaikulu ya kuntchito kuti igawe thambo m'timabokosi, n'kuwerengera mmene timaguluto timapangikira. Zimatenga miyezi.

Ntchito yomalizayi alamu anu anaiyambitsa okha asanagonekedwe m'chipatala. Ndiye mukuwadziwa alamu anu ndi nthabwala zawo. Anakonza zoti gawo lililonse la ntchitoyo likatha, kompyutayo izinditumizira uthenga pafoni, wolemba iwo. "Amayi a mwana, mpweya waunjikana, nanga inu mwadya?" Tsiku lina, "Siyani kukwinya nkhope, thambo silithawa." Achemwali inu, foni inalira tikuchokera kumanda! Ndinangokhala pansi pamsewu pomwepo.

Mauthengawo akubwerabe, gawo lililonse ndi uthenga wake. Nditaona kuti magawo atsala pang'ono kutha, ndinalowa mu ofesi mwawo, pampando wawo wothyoka mkono uja, n'kuchepetsa kukula kwa timabokosi tija. Timabokosi tikakhala ting'onoting'ono timachuluka, ndiye kompyuta imachedwa. Kenako ndinatichepetsanso. Ndinkati bola uthenga uzichedwa, koma ndizidziwa kuti wina ukubwera.

Dzana abwana anandiitana. "Mayi, timaguluti tikuoneka kale bwinobwino. Mukufunanso chiyani? Anzanu akudikira makinawa." Ndinayesa kuyankha zasayansi, koma ndinangoyamba kulira ngati kamwana. Iwo anatseka chitseko n'kundidikira mpaka nditatonthola. Andipatsa mpaka Lachisanu.

Ndabwezeretsa zonse mmene eni ake anazisiyira, moti Lachisanu masana gawo lomaliza litha. Akuti zotsatira zake n'zabwino zedi, zomwe zija alamu anu ankazilakalaka. Nanga ine ndipindulanji nazo? Mtima ukundipweteka, Achemwali, ndikuona ngati akukamwaliranso kachiwiri.

Chonde bwerani Lachinayi, musavutike n'kunyamula kanthu. Ndikungofuna kuti foni ikadzalira mudzaigwire ndinu, mudzandiwerengere mokweza, pang'onopang'ono. Ndekha sindingathe.

Mundiperekere moni kwa onse kunyumbako. Mwana wanu kuno akupereka moni, wakula moti nsapato zija zamuthina. Akangofika kuchokera kusukulu amathamangira foni yanga n'kufunsa kuti, "Adadi alemba chiyani lero?" Sindinamuuze kuti Loweruka sadzalemba. Mudzandithandize kumuuza.

Ndine mng'ono wanu,
Amayi a mwana