Mzati wa Mbali ya Amayi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Mpingwe tilipo, ndipo chifuwa cha mayi athu chinapola.

Mukukumbuka mizati yachitsulo yoboolaboola ngati zisa za njuchi, imene mzungu wa fodya ku Limbe anapatsa tchalitchi chathu? Akulu ampingo achotsa zitsulo zopingasa zimene zinkaigwira m'mbali, ati zimatchinga nkhope ya abusa. Ndinawauza kuti mzati wautali wamabowo suchenjeza. Umapindikira kumbali mwakachetechete, kenaka denga limatsatira. A Chikopa, mlembi wa mpingo, anangoti, "Aphunzitsi, kusukulu yaukachenjedeko munkaphunzira mantha?"

Tsopano mzati wa mbali ya azimayi wapindika pakati ngati uta. A Chikopa akuti ukugwadira Mulungu. Ine ulaliki ndimaumva maso ali kudenga, moti anthu akuyamika kuti ndatembenuka mtima.

Mayi amakhala patsinde pa mzatiwo penipeni, chifukwa ndi pomwe amaonera manda a bambo pazenera. Nditawapempha kuti asunthe anandiyankha kuti, "Iwe, ndichoke ndizikayang'ana khoma?"

Chonde alembereni kuti asunthe, inu amakumverani. Za chitsulo musatchule. Mungowauza kuti pa Khirisimasi mukufuna kudzawapeza.

Mulungu akusungeni kumigodiko, kumene anthu amalemekeza mizati.

Ine mng'ono wanu,
Yotamu