Dengu Langa Lagwera M'komiti

14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine thupi lilibe vuto, koma ndatopa ndi mbuli zovala bwino.

Mukukumbukira pulogalamu yanga ija, dengu loti wogula pa intaneti aziponyamo katundu kenako n'kulipira? Ndinaiika poyera kuti aliyense aitenge ulele, aikonze, awonjezere zake. Ndinamata chikalata pakhomo la laibulale kuitana ongodzipereka odziwa kulemba mapulogalamu. Loweruka anabwera anthu khumi ndi mmodzi m'kachipinda kakuseri kwa shopu ya amalume, n'kukhala pa makatoni a sopo. Malaputopu analipo awiri okha, imodzi yosayaka.

Ndisanatsegule n'komwe yanga, mkulu wina wa tayi, amene anzake amamutcha Ajenda, anaimika dzanja. "Aphwanga, gulu lopanda komiti ndi msika." Manja wawawa! Maola atatu tinathera kusankha wapampando, wachiwiri wake, mlembi, msungichuma wa thumba lomwe kulibe, mpaka wosungitsa mwambo. Ine ndinapeza voti imodzi, ndipo mwini wake mukumudziwa. Mpando unapita kwa Ajenda. Nditawafunsa ngati analembapo mzere ngakhale umodzi wa pulogalamu, anati, "Woyendetsa basi saumba matayala, mwana iwe." Mayi wina wa saluni anaseka mpaka katoni kuphwasuka.

Tsono Loweruka likudzali akuvotera zoti dengulo litsekedwe, azigulitsa kwa eni mashopu, dzina la komiti pamwamba, ine n'kusanduka wantchito wawo. Anthu otayipa ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola chimanga! Malamulo awo akuti mfundo yanga yokana singamveke popanda membala wina woivomereza, koma membala akhoza kukhala nawo pamsonkhano kudzera pa foni.

Ndikudziwa kuti tsiku lomwe ndinalandira digiri ndinakutchulani kapolo wa kampani pamaso pa alamu. Sindinaiwale. Komanso dengulo likukana kutulutsa katundu wogula akasintha maganizo. Masabata atatu ndalimbana nalo, ndipo woti n'kuliona, kundiseka, kenako n'kulikonza, ndinu nokha. Chonde lembetsani umembala lisanafike Lachisanu, mudzavomereze mfundo yangayo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti manyazi ndili nawo. Mukamaimbira bambo, za denguli musatchule. Ntchito ya kubanki ija ndinaisiya chifukwa cha lomweli, koma iwo sakudziwa. M'mawa uliwonse amandipukutirabe nsapato n'kuziika pakhomo.

Ine mng'ono wanu,
uja mumati Phuma