Nthenda ya Mnzanga Wina

Lolemba, 4 Meyi

Nsalu ndagula. Yabuluu woderako. Telala wa kuseri kwathu wandiyeza, akuti ndaphwa m'chiuno. Ndamuuza kuti tepi yake ndi imene yanenepa.

Deresi la pa 29. Tsiku limenelo Nangabwanji akamuveka mkanjo, akamukhazika pa uprofesa, akalankhula pamaso pa yunivesite yonse. Ine mpando wa kutsogolo. Wanena yekha pa foni, mothamanga, akutuluka mumsonkhano kulowa mu wina. Mawu ake ngati munthu wokupatsa moni ali panjinga.

Mwana wanga mmodzi yekhayo. Dzinalo ndinam'patsa ndine. Ndikamusimbira nkhani ali kamwana, sinkafika kumapeto, iye ali kale nanga bwanji, nanga bwanji. Zilembo izi anandiphunzitsa ndi iye, ndi makala pakhonde, akaweruka kusukulu. Mpaka lero pakamwa pamathamanga, dzanja limatsimphina m'mbuyo.

Mvula yagwa, yasiya, yagwanso, iye asanagonepo m'nyumba muno.

Magazi aja abweranso m'mawa. Ine nkhalamba, amene ndinasiya kusamba iye asanapite kunja kukaphunzira. Ndachapa ndekha. Ndayanika kuchipinda, osati pachingwe.

Lachitatu, 6 Meyi

Magetsi kulibe tsiku lonse. Ndakhala kwa telala, iye akupalasa makina ndi mwendo, ine ndikupalasa pakamwa.

Wandifunsa kuti kodi profesayo kwenikweni amagwira ntchito yanji. Malemu bambo ake akafunsidwa ankati ndi dokotala wa magazi, basi n'kuyamba kutsokomola. Anapita kumanda asanatchule. Ine ndatchula: matenda opatsirana pogonana, ndi khansa ya khomo la chiberekero. Telala wadzibaya chala.

Ndam'fotokozera kuyambira pachiyambi, poti ine nkhani sindiyambira pakati. Kachipinda ka kuchipatala, kopanda zenera, mipando iwiri ndi kamakina kojambulira mawu. Mtsikana woonda akumvetsera amayi tsiku lonse. Kenako kunja, kozizira. Chithunzi chake ali mu chijasi ngati wabwereka kwa mlonda. Kenako kubwerera, kuphunzitsa, kulemba, kukwera ndege ngati minibasi.

Buku lake lakuda lili pamwamba pa kabati. Chingerezi chokhachokha, ine ziii. Koma tsamba loyamba anandimasulira: kwa amayi, amene amalankhula kwambiri moti ndinaphunzira kumvetsera. Mwano umenewo. Ndimalitsitsa kulipukuta fumbi ngakhale lilibe fumbi.

Loweruka, 9 Meyi

Nangabwanji anali pa wailesi masana. Ndinali kusankha nyemba, ndinazisiya.

Mawu omwe aja, koma odekha, osathamanga. Dziko lonse amalipatsa nthawi.

Wowulutsa anam'funsa chachikulu chimene wapeza pa zaka zonsezi. Ndinkayembekezera za mankhwala. Iye anati mayi sabwera kuchipatala n'kunena kuti ine. Amati mnzanga wina. Mnzanga wina akumva kuyabwa, mnzanga wina mwamuna wake sagona pakhomo. Kale anamwino ankamudula, n'kumufunsa kuti mnzanuyo ndinu nomwe eti, mayi n'kunyamula chikwama osabweranso. Iye ndi ophunzira ake anaphunzitsa anamwino kusatsutsa. Kufunsa za mnzakeyo mwaulemu, mpaka mayi atatopa yekha kum'nyamula. Akuti kumene anayesa zimenezi, amayi obwera kudzayezetsa anachuluka, ndipo maiko ena atengera.

“Mnzakeyo timamupatsa mpando,” anatero.

Ndinaseka ndekha mpaka misozi. Ndani anam'phunzitsa kuti nkhani yowawa imayamba ndi munthu wina wake, kwinakwake?

Atatha ndinaika dzanja pa wailesi. Inali yofunda.

Msana ukupweteka cha m'munsi.

Lachiwiri, 12 Meyi

Kuchipatala, kukatenga mapilitsi a kuthamanga kwa magazi. Ndinanyamuka nditatsimikiza kuti lero ndinena.

Pakhoma pa benchi, chithunzi chake. Magalasi, kumwetulira kwa bambo ake. Pansi pake alemba kuti musachite manyazi. Ngodya imodzi yamatuka, ndinaimata ndi chala.

Namwino atandiona anafuula kuti taonani, amayi a profesa. Benchi yonse kutembenuka. Wina kundipatsa malo, wina kundigwira dzanja, akuti mwana wanu anapulumutsa mkulu wanga, anam'peza nayo isanafalikire. Ndiye ine ndiimirire pamenepo ndinene kuti amake profesa akudontha ngati ndowa yakale?

Ndinachita chimene ndimadziwa. Ndinawasimbira ya mlamu wanga amene anameza dzino loikirira pa ukwati n'kumalidikira masiku angapo. Anaseka mpaka mlonda anabwera kudzasuzumira.

Namwino anandifunsa ngati pali china. Ndinati palibe, mwanawe.

Ndabwera ndi mapilitsi okha. Basi inadzaza, ndinaima njira yonse. Bola, ndinkaopa mpando.

Lachinayi, 14 Meyi

Kuyesa deresi. Lakhala bwino, kolala ngati ya mkazi wa bwana. Ndinam'pempha telala aike nsalu ziwiri zam'kati cha kumbuyo. Anasiya makina. Anandiyang'ana nthawi yaitali, mapini ali kukamwa.

Ndinamuuza. Munthu woyamba.

Sanakuwe. Anachotsa mapini mmodzimmodzi, n'kunena kuti, “Achemwali, mjigo uli pakhomo panu, inu mukufa ludzu.”

Ndinam'yankha kuti mwana sasuzumira kumene anachokera. Ndinamusambitsa ine, si iye wondisambitsa. Komanso pa 29 payandikira. Wakwera phiri limeneli kuyambira ali ndi nsapato imodzi yabwino, ndiye atatsala pang'ono kufika pamwamba ine ndimukoke mwendo? Zidikire. Akavale mkanjo, ndikaombe m'manja, ndikamuuza pambuyo.

Telala anati nthenda siwerenga kalendala. Ndalama ya nsalu yam'kati wakana.

Chimene sindinamuuze: ndimafuna abwere chifukwa wandisowa. Osati chifukwa ndawonongeka.

Lamlungu, 17 Meyi

Waimba masana. Ali muofesi, pa Lamlungu. Ndinkamva mapepala. Akukonza zokalankhula, akuti zikumukanika poyambira. Anafunsa za deresi, za mapilitsi, za denga. Ndinamva kuti watsala pang'ono kunena kuti chabwino amayi.

Sindikudziwa chinandigwira. Ndinangofuna asadule. Ndinati dikira, ndikuuze ya mnzanga wina wa kutchalitchi.

Pakamwa panayenda pokha. Mayi wachikulire, wamasiye, wosiya kusamba kalekale, tsopano akuona magazi. Ndinam'kongoletsa, ndinam'patsa mpango wofiira ndi mwendo wotsimphina kuti asafanane nane.

Mapepala anasiya kulira.

Anayamba kufunsa ndi mawu a pa wailesi aja. Zinayamba liti. Ochuluka bwanji. Msana. Kuonda. Ine kuyankha zonse, mnzangayo ndimamudziwa bwino kwabasi. Mafunso onse amene anandisowetsa mtendere nawo ali mwana, lero ndinkawamwa ngati madzi.

Kenako anafunsa ngati anzangawo ali ndi mwana. Ndinati alipo, wamkazi, koma ndi wotanganidwa, ali ndi tsiku lalikulu kutsogoloku, amake safuna kumusokoneza.

Iye anati:

“Amayi, anzanuwo muwauze asachoke pakhomo Lachiwiri.”

Sanatsutse. Wandipatsa mpando, mwana ameneyu. Ndinamva ndekha pa wailesi mmene amachitira, n'kukaloweramo ndi miyendo yonse iwiri.

Lolemba, 18 Meyi

Ndasesa kawiri. Chipinda chake ndatsegula mazenera, ndachotsa matumba a chimanga ndi njinga ya malemu. Kapu yake yothyoka chogwirira ndaitsuka.

Mantha. Manyazi. Koma ndikuimba. Ndadzigwira ndikuimba pochapa makatani, nkhalamba yodwala yopanda nzeru.

Mwina atuma galimoto ndi wophunzira wake. Ndi mmene amachitira anthu akuluakulu.

Lachitatu, 20 Meyi

Anabwera yekha dzulo. Kachikwama kamodzi. Imvi pamwamba pa khutu, palibe anandiuza. Anandikumbatira pageti, ndinamva akundiwerenga nthiti ndi manja.

Lero m'mawa kuchipatala chachikulu. Dokotala wamkazi, wophunzitsidwa ndi Nangabwanji yemwe. Ndinagwira chitseko, kuopa kuti alowa nane. Sanalowe. Anatenga chikwama changa ndi nsapato n'kukhala pa benchi, pakati pa ana a anthu ena. Profesa wathunthu, nsapato zanga pamiyendo.

Atengako kanyama kokayeza. Zotsatira sabata yamawa, mwina pa 29 pasanafike, mwina patadutsa. Dokotala sanandinamize. Akuti zikhoza kukhala zazing'ono, zikhoza kukhala zija, koma ndachita bwino kubwera.

Ndinam'funsa Nangabwanji za tsiku lake. Akuti mkanjo suwola. Ndinakalipa kuti deresi ndasoketsa kale. Akuti ndiye tikapita tonse, akandiyalira chijasi chija pampando, anthu akayese ulemu.

Telala wabweretsa deresi, lapachikika kuseri kwa chitseko. Awiriwo anong'onezana pageti ngati akuba.

Mpaka tsopano akunenabe kuti anzanu aja. Anzanu aja adye kaye. Anzanu aja agone pang'ono. Sakundikakamiza.

Panopa ali pakhonde, pomwe pankakhala makala paja, wavula nsapato, foni waisiya m'chikwama. Wandiitana kuti nkhani ya Lamlungu sindinaimalize. Ndamuuza kuti mathero ake sindikuwadziwa.

“Nanga bwanji osangoyambira pachiyambi?”

Wayamba kale.

Cholembera ndisiye apa, izi n'zapakamwa. Mpango wofiira ndi mwendo wotsimphina ndizisiya m'nyumba. Ndikayamba ndi ine