Thabwa la Amayi Silikuwola

Hinterau, Epulo 1929

Wokondedwa mlongo wanga Walburga,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako ku Milwaukee kumeneko, pamodzi ndi alamu anga ndi ana. Mwendo unkadandaula uja unasiya kutupa? Kuno tilipo. Alamu ako a Zenta akutsokomolabe chiyambire nyengo yachisanu. Ine maso akutha, ndiye ukaona mizere ikutsetsereka usandiseke. Paja sukulu yanga inathera pamene ya mng'ono wanga Emmeram inayambira.

Uthenga wa imfa yake unaulandira, sindibwereza. Manyuzipepala a mumzinda analemba zambiri. Akuti Pulofesa Emmeram Aschenbrenner anali mzati wa maphunziro a chiyankhulo chakale cha makolo athu, akuti anapulumutsa miyambo ya anthu a kunkhalango kuno. Ndinawerenga pang'onopang'ono mpaka kumapeto, kufunafuna pamene atchule munthu amene anatsala ndi ng'ombe ndi munda wa mbatata kuti mzatiwo upite kusukulu. Sindinapapeze.

Koma chimene ndakulembera ndi china, ndipo mutu wanga sukugwira.

Unachoka uli mtsikana, mwina zakuno zinayamba kukuthawa. Amayi atamwalira tinawagoneka pathabwa monga timachitira, podikira bokosi. Maliro atatha ndinalipala bwino thabwalo, tinalembapo dzina lawo ndi mtanda, n'kuliimika panjira ya kuchigayo pamene pali matabwa a anthu ena, kuti wodutsa aziwanenera pemphero la Atate Athu. Ndinasankha dala paini wofewa. Ukudziwa kuti thabwa likawola n'kugwa, mzimu umatuluka m'Purigatoriyo. Sindinkafuna Amayi achedwemo.

Nthawi imeneyo n'kuti mlongo wako Emmeram atangopatsidwa upulofesa. Ankabwera patchuthi ndi nsapato zake zamumzinda, kumalowa khomo ndi khomo, kufunsa nkhalamba kuti chipande mumachitcha chiyani, mwana akabadwa mumaimba chiyani, chifukwa chiyani simutaya phulusa tsiku lakutilakuti. Anthu ankamupatsa fodya wamphuno kuti amuone akuyetsemula, iye n'kumalemba basi. Mawu amene Amayi ankatitukwana nawo ulere, iye anawaika m'buku lalikulu, limenenso akuti walisiya lisanathe.

Tsiku lina ndikupita kuchigayo ndinapeza dzenje lokha. Thabwa la Amayi palibe. Emmeram anali atalikweza pangolo, kenako pasitima, kupita nalo kunyumba yosungiramo zinthu zakale mumzinda.

Nditamufunsa sanachite n'komwe manyazi. Akuti achimwene, mwambowu ukutha, posachedwa palibe adzaudziwe, ndipo la Amayi ndilo lokongola kuposa onse, mwalipala bwino kwambiri. Ankayesa akundiyamikira. Ndinamuuza kuti ndinalipala kuti liwole, osati kuti anthu azilisirira. Iye akuti zakuwolazo zinachokera kwa makolo akalekale Chikhristu chisanafike, ndipo akhoza kundionetsa m'mabuku. Ndinati mabuku akowo ndiwo ali pamoto kapena Amayi? Analonjeza kuti akulembera yekha kukufotokozera. Makalata ako onse amandionetsa kuti sanatero.

Zaka zoposa makumi awiri zapita. Matabwa onse amene anaima pamodzi ndi la Amayi anagwa kalekale. La wachigayo uja, amene ankaba ufa wa anthu, linawola ndikuona ndi maso angawa. Wakubayo anatuluka, Amayi akadali momwemo.

Ndinapitako kamodzi kukaliona. Analipaka vanishi, n'kuliika kuseri kwa galasi, m'chipinda chofunda chopanda ndi dontho lomwe la madzi. Utoto ukuwala ngati tapaka dzulo. Anthu ankadutsa, kuwerenga dzina la Kreszenz Aschenbrenner mokweza, n'kupita kukaona miphika. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe ananena Atate Athu. Nditagwada, mlonda anabwera kudzandifunsa ngati ndadwala.

Chaka chatha matenda atamugwira, Emmeram anasiya ntchito n'kubwera kuno. Mkazi analibe, ana analibe. Ndinamupatsa chipinda cha Amayi. Tinkadya kabichi pagome limodzi, koma zolankhula zinali za nyengo basi.

Masiku ake omaliza anandiitana. Akuti achimwene, mukamapala langa musatenge thundu wosawola msanga, mutenge paini yemweuja, mumandidziwa kuti ndine wosapirira. Ndinayang'ana ngati akuseka. Ndinati iwe Pulofesa, unalemba wekha kuti izi n'zachikunja, tsopano ukuziopa? Akuti moyo wake wonse anaphunzira kumene mwambowu unachokera, koma zoti ndi woona kapena ayi sinali mbali yake ya maphunziro. Ndinati nanga la Amayi? Anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi akuti analembako kalata kupempha, koma chinthu chikalowa m'nyumba imeneija chimakhala cha dziko, ngakhale amene anachipereka alibenso mawu.

Walburga, munthu ameneyu ankakhulupirira kapena ayi? Ngati ankakhulupirira, anachita bwanji zimenezi kwa mayi ake omubala? Ngati sankakhulupirira, paini ankamufuniranji? Ndimafunsa ndikukama ng'ombe, ndimafunsa ndikuwaza nkhuni, yankho silibwera.

Ndinamupalira paini. Dzina ndinalemba lokhalokha, upulofesawo ndinausiya. Ndinaliimika pa dzenje lomwe lija la Amayi.

Mwezi watha kunabwera munthu wina, Dokotala Lindinger, wophunzira wake amene watenga mpando wake. Si dokotala wa matenda, ndinamuyesa ndi chifuwa cha alamu ako. Ndi waulemu ndithu, anavula chipewa asanalowe ndipo anadya buledi wathu osayang'ana mbale. Akuti akukonza chipinda chokumbukira Pulofesa, ndipo palibe chimene chingakhale choyenera kuposa thabwa lake lenilenilo, popeza ndiye munthu amene analemba za matabwa. Kenako akuti akudziwa za madandaulo anga, ndipo walankhula ndi akuluakulu. Ndikawapatsa la Emmeram, andibwezera la Amayi, chifukwa tsopano ali nawo ena ofanana nalo.

Waona pamene ndafika? Ndikavomera, Amayi abwera kwawo. Vanishiyo ndimupala tsiku lomwelo, mvula ichite ntchito yake. Koma Emmeram alowa kuseri kwa galasi, ndipo iye sadzatulukanso, chifukwa la Pulofesa sadzalisintha ndi la munthu wina.

Ndinamuuza Lindinger kuti abwerenso msipu ukamera.

Alamu ako akuti apa palibe choganiza. Akuti inu bambo, mwakalamba mukudandaula za mng'ono wanu, ndamva dzina la Emmeram kuposa langa m'nyumba muno, lero akupatsani chikwapu m'manja ndiye mukunjenjemera? Akuti ankakonda magalasi, mlekeni akakhale m'galasi.

Ndinapita kwa Bambo Mfumu. Akuti Kajetan, Mpingo suphunzitsa zimenezo, Mulungu sayang'ana thabwa kuti adziwe nthawi yotulutsa munthu. Ndinati ndiye ndipereke? Akuti iwo sanatero. Ndinati ndiye ndikane? Anatulutsa fodya n'kundipatsako, n'kuyamba kufunsa za ng'ombe yanga yabere. Ndinabwerako wosokonezeka kuposa mmene ndinapitira.

Kunena zoona, masiku oyamba mtima unkati pereka. Ndinkadziona ndikupita mumzinda nditavala jekete la Lamulungu, kukaima pagalasi paja n'kumufunsa kuti muli bwanji m'menemo a Pulofesa, mwafunda? Koma ndikafika pamenepo ndimakumbukira kuti ndine ndinamutseka maso, ndine ndinamugoneka pathabwalo, ndipo anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Anandipempha chinthu chimodzi chokha m'moyo wake wonse chimene sichinali cha sukulu.

Ndiye ndikaganiza Amayi. Iwo akanati chiyani? Ine ndikudziwa kuti Emmeram akachedwa kubwera kuchokera kusitima, ankakhala osadya mpaka afike, ife tonse titadya kale. Koma kudikira msuzi n'kosiyana ndi kudikira pamoto. Ndilibe ufulu wowasankhira zimenezo, ndipo mwina ndikungowanamizira kuti mtima wanga upepuke.

Ndikuuze chimene ndachita. Ndinalizula thabwa la Emmeram panjira ya kuchigayo, kuopa kuti angabwere ndi ngolo ine kulibe, monga anachitira mphunzitsi wawo. Ndinaligoneka chafufumimba padambo lathu, pamatope paja timawolokera, monga ankachitira akale kuti wopondapo apemphere. Panopa ndikalitembenuza zilembo zikuwerengekabe. Lindinger akhoza kulilandira likadali chonchi, koma dzina likafufutika sadzalifunanso, ndipo la Amayi sadzalibweza.

Choncho ndikukupempha, mlongo wanga, iwe unali mwana wawo wamkazi, ankakuuza zimene ife amuna sankatiuza. Ndiyankhe msanga kuti ndipulumutse uti. Ukati Amayi, ndikalivuula pamatopepo, ndilitsuke, ndilipereke, ndipo tchimolo tigawana awiri. Ukati Emmeram, ndiye kumeneko uziwanenera Amayi Atate Athu tsiku lililonse, iwe ndi ana ako, ine kuno ndizichitanso chimodzimodzi, chifukwa mumzinda muja palibe achite.

Usachedwe, mvula yayamba ndipo sitima zapanyanja zimayenda pang'onopang'ono. Komanso ndisakubisire. Ng'ombe ndikumazidutsitsa pomwepo m'mawa ndi madzulo, ngakhale njira yachidule ilipo. Alamu ako andifunsa chifukwa chake, ndawauza kuti sindikudziwa.

Undiperekere moni kwa alamu anga ndi ana onse, ngakhale sanandionepo. A Zenta akuti ndikuuze kuti mpango unatumiza uja akufundabe. Mulungu akusunge, ndipo atikhululukire tonse atatu.

Ndine mlongo wako,
Kajetan