Jekete la Bambo Ako

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mpongozi wanga ndi adzukulu anga. Ine ndilipo, kungoti ulusi wayamba kundithawa pa singano. Bambo ako ndiwo sali bwino. Miyendo ija inkanyamula anthu yalephera kunyamula eni ake.

Nkhani ya pamlatho uja umaidziwa, unkaimva mpaka kuwodzera patebulo. Adani akuwombera kuchokera kutsidya, iwo anabwerera katatu kukabereka anzawo ovulala. Ulendo wachitatu chipolopolo chinaboola jekete n'kuwapala m'nthiti, koma amene anali kumsanayo sanamugwetse. Mendulo ija anawapatsira zimenezo. Tsiku limene anatsika basi pochokera kunkhondoko atavala jeketelo ndinaiwala manyazi, ndinathamangira kumsewu sizasi ili m'manja. Ndimawasowa masiku amenewo.

Sabata yatha anandiuza kuti nditsegule bokosi lachitsulo lija, akufuna tidzawaveke jekete lawo tsiku lawo likadzafika. Koma jeketelo kulibe.

Chaka chimene unayamba sukulu, aphunzitsi anakubweza kawiri chifukwa unalibe kabudula wa khaki. Bambo ako atapita kuntchito, ndinayala jekete lija pamakina osokera n'kulidula. Munatuluka akabudula awiri. M'bokosimo ndinapindiramo nsalu yakale ya pawindo, mendulo n'kuisanjika pamwamba. Zaka makumi atatu ndakhala ndikupukuta fumbi pabodza langali.

Dzulo ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse. Anaseka mpaka kutsokomola. Akuti anadziwa tsiku loyamba lomwe, ataona chigamba chimene ndinatsekera bowo la chipolopolo chikugwedezeka pathako pako ukupita kusukulu. Akuti ankakutsata chapatali mpaka pachipata, iwe ukuguba ngati kamsilikali osadziwa chimene wavala. Anasunga pakamwa zaka zonsezi kuti ine ndisachite manyazi. Ndinalira, mwana wanga.

Kenaka kuseka kunawathera. Anati ngati jekete kulibe palibe kanthu, koma abwere amene analivala adzawagwire dzanja akadali ndi mpweya.

Zaka zisanu zapita usanaponde pakhomo pano. Sindikukudzudzula, ntchito ndikuidziwa. Koma adokotala sakunenanso za miyezi, akunena za masabata. Usadikire tchuthi, ndapota nawe. Munthu amene anabwerera katatu kukatenga ana a eni akungopempha kuti wake abwere kamodzi.

Undiperekere moni kwa onse m'nyumbamo. Mulungu akusunge, akutsegulirenso njira yobwerera kuno.

Ndine,
Amayi ako